A Nasibeko ndi Manda a Eni

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirire a Nasibeko, ndipo anthu akundiuza kuti ndiziziritse mtima. Akuti mkwiyo wa chaka chathunthu ndi matenda. Mwina akunena zoona, koma amene akunenawo sanakhale nawo nyumba imodzi mayi aja. A Nasibeko sankapempha zambiri kwa munthu. Pempho lawo linali limodzi lokha, loti akadzamwalira thupi lawo lidzakwere ndege, likagone ku Ntcheu pambali pa mayi awo. Ankalinena kutchalitchi, ankalinena m'basi, ankalinena ngakhale pa ukwati anthu ali pakalikiliki kuvina. Kuno ku Leicester, Mmalawi amene anganene kuti sanalimvepo pempho limeneli ndi wabodza.

Ine ndinawadziwa nditangofika kumene, ndikusowa pogona. Mayi wina kutchalitchi anandilozera nyumba yawo ku Highfields, pamzere wa nyumba za njerwa zofiira zogundana zija, nandichenjeza kuti chipinda chilipo koma mwini wake ndi tsabola. Sananame. Ndisanatule n'komwe chikwama anali atandikalipira kale chifukwa cholowa ndi nsapato, ndipo m'mawa mwake anandibweza ndi kapu ya tiyi chifukwa ndinawapatsa ndi dzanja limodzi. Anali aafupi, ojintcha, mpango kumutu nthawi zonse, chitenje pamwamba pa thalauza la kuntchito, chijekete pamwamba pa zonsezo. Ankagwira ntchito yosamalira okalamba monga ambirife, ndipo anaigwira mpaka mawondo awo atakana.

Koma ntchito imene anthu ankawadziwa nayo inali ya maliro. Mmalawi akamwalira ku Leicester, ku Nottingham, ngakhale ku Derby, foni yoyamba inkalira kwa iwo. Ankafika pasiwa osagogoda, n'kulamula kuti masofa atuluke, amayi akhale pansi, abambo apite kukhitchini kapena kuseri kwa nyumba, kaya kukuzizira bwanji. Ankalimbana ndi eni nyumba zosungirako mitembo mpaka atawalola kuti alowe ndi amayi anzawo, asambitse thupi ndi kuliveka okha. Ankati munthu wosambitsidwa ndi alendo amapita ngati katundu. Pobwera kumanda, beseni la madzi linkakhala litadikira pakhomo, ndipo palibe amene ankalowa m'nyumba asanasambe m'manja, ngakhale abusa. Tsiku lina namwino wina anayamba kujambula maliro ndi foni kuti aonetse anzake. A Nasibeko anangoitsomphola foniyo, n'kuimanga pakona ya chitenje chawo, ndipo mwini wakeyo anaionanso anthu atabalalika.

Sindikunena kuti anali mngelo. Pakamwa pawo panalibe chitseko, ndipo anthu ambiri anawaliza ndi mawu osafunika. Kupepesa kwa iwo kunali kukuphikira therere osayankhula kanthu. Koma pa nkhani ya akufa sankaseweretsa. Ankakonda kunena kuti azungu amadziwa kusunga munthu kuti asafe msanga, koma akafa amasowa chochita naye. Anaziona okha kuntchito: nkhalamba imwalire m'mawa, pofika masana mazenera atsegulidwa, zovala zili m'matumba akuda, bedi layalidwira wina. Akamafotokoza zimenezi ankamaliza ndi mawu omwe aja, oti iwo kuno anabwera kudzagwira ntchito, osati kudzagona.

Mwana anali naye mmodzi, Limbani. Anamuitanitsa kuchoka kumudzi ali mnyamata, namuphunzitsa mpaka anakhala katswiri wa zamankhwala. Anakwatira, nagula nyumba ku Oadby, ndipo ali ndi ana awiri amene Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Limbani si munthu woipa. Ankawakonda mayi ake, ankawayendera, ndipo ankawapirira pamene ena tinkathawa. Ndikunena izi kuti wina asaganize kuti ndimangomuda.

Ndi iye amene anatitengera kumudzi wina wa azungu, nthawi ina yotentha, pokondwerera tsiku lobadwa la mayi ake. Anati akufuna awaonetse England weniweni, osati wa ku Highfields. Tinayenda pagalimoto kutuluka m'tauni mpaka tinafika pa kamudzi kakalekale, ka nyumba za miyala yofiirira, misewu yopapatiza, ndi tchalitchi cha nsanja yaitali chimene akuti chinamangidwa agogo a agogo athu asanabadwe. Nyumba zingapo zinali zofolera udzu. A Nasibeko anaima pakati pa msewu, manja m'chiuno.

"Limbani, anthu akuvutika chonchi boma lili kuti?"

Limbani anawauza kuti m'nyumba zimenezo mumakhala anthu olemera kwambiri, oti ife sitingayerekeze n'komwe kufunsa mtengo wake. A Nasibeko anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ine ndinathyoka msana kunyamula nkhalamba zawo kuti ndichotse udzu pa nyumba ya mayi anga. Kani eni malatawo akugona mu udzu?"

Tinaseka mpaka misozi. Kenaka anayandikira nyumba imodzi, nayang'anitsitsa mmene udzuwo anausanjira, n'kuvomera monyinyirika kuti wofolerayo ntchito ankaidziwa. Mpaka pamenepo ulendo unali bwino.

Zinthu zinayamba kusokonekera patchalitchi. Manda ake ali pabwalo pomwepo, ndipo njira ya anthu imadutsa pakati pa ziliza. Anthu ankangoyendamo akunyambita ayisikilimu, wina atakhala pa chiliza akuwerenga nyuzipepala. A Nasibeko anakana kulowa. Ali chiimire pachipata anaona galu akukweza mwendo pa chiliza china, mwini wake atagwira chingwe akuyang'ana kumwamba. Chingerezi chimene chinatuluka pamenepo sindingachibwereze. Limbani, manyazi atamugwira, anawakoka dzanja nati tipite ku aboretamu, kumeneko kuli mitengo yokhayokha.

Aboretamu ndi munda waukulu umene anadzalamo mitengo ya kumayiko osiyanasiyana kuti anthu azikaiona, uliwonse uli ndi kachitsulo kolembapo dzina lake. Uli pafupi ndi mudziwo, kungotsetsereka pang'ono. Poyamba a Nasibeko anaukonda. Anapeza bulugamu, nathothola tsamba, nalifikisa m'manja, nalinunkhiza, n'kunena kuti akumva fungo la msewu wa ku Dedza. Mtima wawo utatsika, tinayala chitenje pansi pa kamtengo kena ka maluwa oyera, n'kutsegula mpunga, nkhuku ndi mandasi.

Tili mkati mwa kudya, a Nasibeko anaona bambo wina wokalamba ataima chapatali, maluwa kudzanja, chipewa atavula. Sankayenda, sankayandikira, ankangodikira. A Nasibeko anatembenuka n'kuwerenga kachitsulo ka pamtengo umene tinatsamira. Pansi pa dzina la mtengo panali dzina la mzimayi ndi zaka ziwiri, chobadwa ndi chomwalira. Anadzuka n'kupita kukawafunsa bambo aja. Dzina lawo anali a Harold, ndipo anafotokoza mwaulemu kuti phulusa la akazi awo analikwirira pansi pa mtengowo. Anatinso tisavutike, timalize kudya, malemuwo ankakonda alendo.

Sindinaonepo nkhope ya a Nasibeko itasintha ngati tsiku limenelo.

"Tikudya pamutu pa munthu. Dzukani."

Sanakuwe. Anauza adzukulu awo kuti alavule zimene zinali m'kamwa, nasonkhanitsa chakudya chonse, mphika wonse wa nkhuku, n'kukakhuthulira m'bini. Atatero anabwerera kwa a Harold, nagwada pa udzu ndi mawondo awo owawa aja, napepesa. Mzungu uja anasowa koyang'ana. Titafika poimika magalimoto anatenga madzi athu akumwa n'kutisambitsa m'manja mmodzimmodzi. Apa m'pamene tinazindikira kuti mitengo yambiri ya mbali imeneyo inali ndi mayina a anthu, ndipo mabenchinso anali chimodzimodzi.

Pobwerera tinayenda pagalimoto mpaka tinayamba kuona nyumba za m'tauni. Ndiye a Nasibeko anayankhula, osatembenuka.

"Limbani, waona zimene zija? Ine usadzandiotche. Sindine mbatata. Udzanditumize kwathu."

"Mami, musadandaule," anatero Limbani akuseka.

Anamva. Ine ndinali kumpando wakumbuyo, pakati pa ana ake, ndipo ndikuchitira umboni kuti anamva.

Tinkayesa kuti kumeneko sadzapondakonso. Koma patapita masabata ochepa ndinawapeza akukulunga tsache m'chitenje, tsache la kwathu lenileni, limene anagula kwa mmwenye wina wa ku Limbe amene ali ndi sitolo ku Highfields komweko. Anati kupepesa kwa pakamwa pokha sikunawakwanire. Anakwera basi, natsika, nakwera ina, kotsalako n'kuyenda pansi. Anakawapeza a Harold pamtengo pomwe paja, ndipo anamva kuti mwana yekhayo wa bambowo ali kutsidya kwa nyanja, sabwerabwera. Basi, a Nasibeko anayamba kusesa. Kuyambira pamenepo ankapitako mwezi ndi mwezi, shifiti ikawalola.

Kusesako kunabweretsa mkangano wina. Anthu odzipereka amene amasamalira mundawo anawauza kuti masamba amawasiya dala kuti awolere pomwepo, mtengo uzidya. Iwo anayankha kuti kwawo manda odzaza masamba amatanthauza kuti mtundu wa munthuyo unatha. Anakokanakokana kwa miyezi, aliyense ataumirira pake, mpaka azunguwo anatopa. Anagwirizana kuti azisesa mozungulira tsinde lokha, masambawo aziwaunjika pambali. A Nasibeko ankaifotokoza nkhaniyi ngati anapambana mlandu kubwalo.

A Harold atamwalira, phulusa lawo analiika pamtengo womwewo. Pamwambowo panali anthu oti n'kukwana m'galimoto imodzi, onse ali chete, manja m'matumba. A Nasibeko anakhala pansi n'kulira maliro mokweza monga timalirira kwathu, okhaokha, azunguwo akuwayang'ana modabwa. Atabwera anandiuza kuti sakanalola munthu wamkulu ngati uja apite popanda womulira. Ndipo sanasiye kupitako, tsopano akusesera anthu awiri.

Apa ndi pamene ndikufuna anthu andimvetse, chifukwa bodza lonse lagona pamenepa. A Nasibeko malo aja sankawakonda. Sanadyereko kanthu chichokere tsiku lija, ngakhale madzi sankamwerako. Ankabwerako atatopa, atakwiya, n'kusamba m'manja pakhomo, n'kukhala pampando osavula jekete. Ankati ndi malo osungulumwa, oti akufa ake agona pakati pa anthu othamanga ndi agalu, opanda mbale pambali. Nditawafunsa kuti nanga mumadzivutitsiranji, anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Akufa a eni aja alibe wowasesera. Ndikawasiya ine, apite ndani?"

Chinali chisoni, ndipo aliyense amene akanawafunsa akanamva yankho lomwelo. Limbani sanafunse. Iye ankangoona mayi ake akukwera mabasi kupita ku mitengo, nthawi zina n'kuwaperekeza pagalimoto, iye n'kukhala poimika magalimoto akuseweretsa foni.

Matenda anawagwera mwadzidzidzi, nthawi yozizira ikupita kumapeto. Anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo pakamwa paja, pamene panaliza anthu ndi kuteteza akufa, panatsekeka. Anagona m'chipatala akungotiyang'ana. Atamwalira tinachita zonse monga anatiphunzitsira. Masofa anatuluka, amayi tinakhala pansi, abambo anadzaza kukhitchini. Anthu anachokera ku Nottingham, ku Derby, ku Coventry, ngakhale anzathu a ku Zambia. Za ulendo wa thupi panalibe vuto, chifukwa munthu amene anaika maliro a aliyense sakanasowa omunyamula, ndipo abambo anali atayamba kale kuyendetsa zimenezo. Mlongo wawo wa malemu, a Layisoni, anaimba foni kuchokera ku Ntcheu kunena kuti mudzi wonse wamva ndipo ukudikira.

Ndiye Limbani anaimirira pakati pa siwa, maso ali ofiira.

"Ndaganiza kuti mami akhale konkuno. Ndabukitsa kale koti akawaotche. Tikawaika ku aboretamu kuja, paja ankakukonda kwambiri."

Nyimbo imene amayi ankaimba inathera panjira. Ine sindikumbuka kuti ndinadzuka bwanji. Ndinamukumbutsa za m'galimoto muja, mawu ndi mawu. Ndinamuuza chimene mayi ake ankapitira ku mitengo kuja. Ndinamufunsa ngati m'nyumba monsemo munali munthu mmodzi amene sanamvepo za ku Ntcheu. Amayi ena ankandikoka chitenje kuti ndikhale pansi, pamaliro sitikangana.

"Asisi," anatero Limbani akulira, "ana anga adzapita liti ku Ntcheu? Ineyo ndinapitako liti? Mukufuna ndiwatumize koti sindidzawaonanso?"

Ndinamumvera chisoni, sindibisa. Anali mwana amene akuopa kutsala yekha m'dziko la eni. Koma thupi silinali lake, ndipo mwini wake anali atanena kale kochuluka. Kwathu mawu omaliza akanakhala a a Layisoni, monga mwini mbumba. Kuno amene amamveka ndi mwana, ndipo Limbani ankadziwa zimenezo. Abambo anamukhazika pansi, abusa anayesa, amalume ake anaimba foni mpaka iye anasiya kuyankha. Ena pakati pathu, amene a Nasibeko anawasambitsira amuna awo ndi ana awo, anayamba kunong'ona kuti mwina mwanayo akuganiza bwino, dziko linasintha. Anthu amenewo ndimakumana nawo kutchalitchi, ndipo moni wanga kwa iwo ndi wa pakamwa pokha.

Sitinawasambitse. Limbani anati akatswiri achita kale zonse, tisavutike. Mayi amene analimbana ndi theka la Leicester kuti akufa athu azisambitsidwa ndi abale anapita atagwiridwa ndi alendo okhaokha. Kumalo ootcherako tinakhala pamipando yofewa, nyimbo ikulira pa makina, kenaka nsalu inayenda yokha n'kubisa bokosi. Panalibe dothi loti tiponye. Titatuluka anthu anangolowa m'magalimoto, ndipo pakhomo la ku Oadby panalibe beseni.

Ku mitengo kuja ndinapitako kamodzi, tsiku lokwirira phulusa. Anawasankhira mtengo wabwino ndithu, kufupi ndi wa a Harold. Pakachitsulo analembapo dzina lawo lachizungu, Esther, limene kuno palibe ankawaitana nalo kupatula mabwana a kuntchito. Pansi pake analemba m'Chingerezi kuti ankawakonda malo ano. Nditawerenga mawu amenewo ndinachokapo mwaukali mwambo usanathe. Munthu sangathenso kudziyankhira, inu n'kumunamizira pa chitsulo choti sichiola.

Sabata yatha Limbani watumiza uthenga pagulu lathu la pafoni. Akuti pokumbukira chaka tikakumane pamtengo wa mami, aliyense atenge chakudya ndi choyala pansi, ana akasewere. Anthu ayankha kale ndi timitima ndi timaluwa, wina walonjeza mandasi. Ine sindinayankhe, ndipo sindipita.

M'malo mwake ndinawaimbira a Layisoni, ndipo anandiuza zimene sindinkadziwa. Uthenga woyamba utafika woti thupi likubwera, iwo anakaonetsa malo, ndipo okumba manda anakumba pambali pa mayi awo monga malemu ankanenera. Uthenga wachiwiri, woti thupi silibweranso, unapeza dzenje litakumbidwa kale. Dzenje la manda salikwirira lopanda kanthu, choncho anadula thunthu la nthochi, nalikulunga m'chitenje chimene mlongo wawoyo anawatumizira akazi awo, nalitsitsa ndi zingwe monga amatsitsira munthu. Amayi analira, a mpingo anaimba, aliyense anaponya dothi. Chiliza anakana kumanga. Anati simenti yawo sangaiwake pamwamba pa nthochi.

Ananditumizira chithunzi cha malowo. Kumanzere kuli chiliza cha mayi awo, chopaka laimu, mtanda wake uli chiimire. Kumanja kunali mtumbira, koma nthochi sichedwa kuola, ndipo mvula ya chaka chino yatitimiza dothi lonse. Patsala chidzenje chosaya, chotalika ngati bedi, m'mbali mwake mwamera udzu, pakati padakali chinyontho. Ndachiyang'ana chithunzicho kambirimbiri. Malowo ndi omwe aja a Nasibeko ankawanena, okumbawo sanalakwitse ngakhale pang'ono, ndipo mulibe munthu.